Mfuti Imene Sindinaione

Nkhani yanga yoyamba kutuluka m'nyuzipepala inali ya nkhumba. Musaseke. Nkhumbayo inapulumuka pamsika wa Mitundu n'kukalowa m'tchalitchi akwaya akuphunzira nyimbo, ndipo ine, mphunzitsi wa Sitandade 5 wa manja oyabwa, ndinalemba zonse n'kutumiza ku Blantyre. Patapita milungu iwiri ahedi anandiitanira ku ofesi n'kundilozera pakona ya tsamba, pansi pa malonda a sopo. Timizere tisanu, dzina langa lili m'munsi. Ndinawerenga ndili chiimire, ndinawerenganso nditakhala. Ndinakawerengera ana m'kalasi, ndinawerengera aphunzitsi anzanga mpaka anayamba kundizemba, ndinawerengera ngakhale mayi wa zitumbuwa amene nkhumbayo inamudutsa m'miyendo. Kuyambira tsiku limenelo ndinkayenda makutu ali tcheru, kusaka nkhani.

Mkonzi wa nyuzipepalayo, amene sindinamuonepo nkhope, anandilembera kakalata koti ndipitirize, koma ndizilemba zimene ndaona ndi maso anga. Kalatayo ndinaisunga bwinobwino m'Baibulo. Mawu akewo ndiye sindinawasunge.

Positi inkachedwa, ndiye ndinapeza njira yangayanga. Msuweni wanga anali ndi kanyumba kogulitsiramo tiyi pa siteji ya Nathenje, pamsewu waukulu, ndipo ankadziwana ndi kondakitala wa basi ya ku Blantyre imene inkadutsa Lamulungu cha m'ma 3 koloko masana. Envulopu ikafika kwa msuweni Loweruka, Lamulungu inkakwera basi, Lolemba m'mawa ili patebulo pa mkonzi. Mwa njira imeneyi ndinatulutsa nkhani ya mlatho wokokoloka ndi ya mpira wa ntchemberembaye wa atsikana athu. Zonse zinkagwera pansi pa sopo yemwe uja, ndipo zinayamba kundinyansa.

Izi zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene pamsika sunkalowa wopanda khadi la chipanicho, ndipo munthu akanyamulidwa sunkafunsa kuti apita naye kuti. Ku Mozambiki nkhondo inali itakolera. Anthu ankatsika mapiri a Dzalanyama atasenza timitolo, ana kumsana, mapazi atang'ambikang'ambika. Ambiri ankalankhula Chichewa chathu chomwechi, ena mfunda wawo unali wathu womwewu, ndipo midzi inawalandira, kuwapatsa pogona ndi maganyu a m'minda ya fodya. Koma mphekesera nazo zinatsika limodzi nawo. Nkhuku ikasowa, ndi iwowa. Mwana akatsegula m'mimba, athira mankhwala pachitsime. Ine ndinkamva zonsezi, ndipo ndinene zoona, mtima wanga sunkawawa, unkadumpha. Ndinkafuna nkhani yaikulu yoti ituluke patsamba loyamba.

Loweruka lina, tsiku la msika, nkhaniyo inandipeza yokha. Ndikusankha tomato ndinamva mayi wogulitsa usipa akunong'oneza mnzake kuti kumudzi wina cha kumadzulo, njira ya ku Malingunde, kwafika amuna awiri ochokera ku Mozambiki ali ndi mfuti. Mfutiyo ati ndi yaitali kuposa munthu, yokutidwa m'chiguduli, amanyamula wina kuno wina uko. Akukhala kwa agogo ena aamuna amene anagwirapo ntchito ku Joni, ndipo kuseri kwa dimba la agogowo akumba dzenje loti munthu akalowamo saoneka. Agogowo azunguliza malowo ndi mpanda wa udzu, aliyense wofika pafupi akumupirikitsa ndi ndodo. Alendowo ukawafunsa chimene akuchita, amangoyang'ana pansi.

Tomato ndinamusiya pomwepo. Ndinafunsa wometa tsitsi, anati n'zoona. Ndinafunsa wokonza njinga pansi pa mtengo, anati n'zoona kwambiri, mwinanso mfutizo n'ziwiri. Mboni zitatu, amayi inu! Sindinafunse ngakhale mmodzi kuti anamva kwa ndani. Ndikanafunsa ndikanadziwa kuti onse atatu anamva kwa munthu mmodzi, woweta ng'ombe amene anaona chiguduli ali patali.

Ndinathamangira kunyumba n'kulemba masamba awiri osapumira, nsapato ndisanavule n'komwe. Ndinatchula mudzi, ndinatchula mpanda, dzenje lija ndinati ndi lobisalamo pankhondo. Ndinalembanso kuti anthu a kuno akukhala mwamantha, chonsecho amene ndinawaonawo ankatafuna nzimbe. Nditawerenga zimene ndinalemba ndinadziombera m'manja ndekha. Envulopu ndinaipereka kwa bambo wina wa ku Nathenje amene ankabwera kudzagulitsa ndowa tsiku la msika, kuti akaisiye kwa msuweni. Ndiye pakamwa panga posatsekapa, ndinamuuza kuti anyamule bwino, chifukwa muli nkhani ya mfuti imene igwedeze dziko.

Lamulungu m'mawa sindinapite kutchalitchi. Sikuti chikumbumtima chinandivuta, ayi ndithu. Ndinkafuna nkhani yachiwiri, yoti ndidzanene kuti ine mwiniwake ndinafika padzenjepo. Ndinabwereka njinga ya ahedi, ndinamanga chitenje, ulendo. Njira yonse ndinkapanga mitu ya nkhani m'mutu mwanga, wina ndikuutaya, wina ndikuutola.

Agogo aja ndinawapeza atakhala pakhomo la mpanda, ndodo ili pamiyendo, owonda, akutsokomola. Anandizindikira, poti mdzukulu wawo anali m'kalasi mwanga.

"Aphunzitsi, mwasochera?"

"Sindinasochere, agogo. Kumsika kwadzaza nkhani yoti mukusunga mfuti."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. "Mfuti? Lowani muione. Koma zimene muone muno muzisiye muno."

Ndinalowa ndikudziuza kuti lero ndiye lero. Dzenje linalipodi, lakuya ndithu. Pamwamba pake panapingasa mitengo iwiri, ndipo pamitengoyo panagona chipika cha m'bawa chojambulidwa mizere ya makala. Pansi ponse panali utuchi wofiira. Alendo awiri aja, munthu ndi mng'ono wake, anali pamthunzi, wamkuluyo atapanira chinthu chachitali pamaondo akuchinola ndi tupa. Inali sowo. Sowo yochekera matabwa, ija wina amaima pamwamba pa chipika wina m'dzenje n'kumakokerana. Chiguduli chija chinali pambali, chothimbirira ndi mafuta.

Wamkuluyo anaimirira n'kundipatsa moni, dzanja lina litagwira mkono. Ndinamufunsa chifukwa chimene amaikutira m'chiguduli. Anati mano ake amacheka phewa, komanso ikanyowa imachita dzimbiri. Anati pothawa kwawo anasiya mbuzi, mabulangete ndi chimanga m'nkhokwe, koma sowo sakanaisiya, chifukwa ndi imene imadyetsa ana ake atatu. Ankalankhula modekha, akuganiza kuti mwina ndabwera kudzafuna matabwa a mabenchi a kusukulu.

"Nanga mukubisiranji?" ndinawafunsa agogo aja, nditakwiya ngati olakwa ndi iwo.

Anandilozera matabwa anayi ocheka kale amene anatsamira mpanda. Kwa denga anali aafupi, kwa mpando anali aatali. Ndinawayang'ana, ndinayang'ana msinkhu wa agogowo, ndipo ndinamvetsa asananene.

"Achimwene anga atamwalira tinazula chitseko cha nyumba yawo kuti tikhome bokosi," anatero. "Alamu anga anagona mwezi wathunthu atatchinga pakhomo ndi mphasa. Ine sindifuna mwana wanga adzazulidwe chitseko. M'bawa uwu ndinabzala ndekha. Koma inu mukudziwa kwathu kuno, bokosi la munthu wamoyo ndi malodza. Akamva sanena kuti ndafuna ndine. Anena kuti mwana wanga wamkazi ndi mwamuna wake atopa nane, akundifulumizitsa. N'chifukwa chake ndinatenga alendowa n'kuwalumbiritsa kuti asatsegule pakamwa. Akuno sakanasunga chinsinsi."

Ndinakumbukira envulopu ija. Ndinaona Lolemba m'mawa, mkonzi akung'amba envulopu, nkhani ija itatuluka ndi dzina la mudzi. Masiku amenewo nkhani ya mfuti sinkadikira khoti. Galimoto inkangobwera, ndipo bambo uyu wa tupa m'manja ana ake sakanadzamuonanso. Ndinayang'ana dzuwa, linali litafika kale pamutu. Za envulopuyo sindinawaululire, chifukwa cha manyazi. Ndinangotsanzika n'kudumphira njinga.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pa Mitundu ndinadutsa anthu akutuluka m'tchalitchi, ena akundikuwira kuti aphunzitsi njingayo mwaba kodi. Msewu wa ku Nathenje unali wafumbi ndi wa mabampu, ndipo njinga ya ahedi inali yachimuna, ya mtanda, chishalo chake chokwera. Chitenje chinkangokodwa mu tcheni. Tcheni chitagwa kachitatu ndinakwinya chitenjecho n'kuchimanga m'chiuno, ndikudziwa bwino kuti maondo a mkazi akaoneka unali mlandu masiku amenewo. Ndinati amene akufuna kundigwira ayambe wandipeza. Pakamlatho kena ngolo ya fodya inatseka njira, ng'ombe zikukana kuwoloka, ndipo mwini wakeyo ndinamuuza mawu amene mphunzitsi sayenera kuwadziwa. Ndinanyamula njinga paphewa n'kudutsa m'madzi. Ndinkapalasa ndikupemphera, pemphero lake losalongosoka: Ambuye, basiyo iphulike tayala, koma asavulale munthu.

Nditatulukira pa Nathenje basi inali pasiteji, injini ikulira, matumba a mbatata akukwezedwa pamwamba. Msuweni anandiona ali pakhomo ndi ketulo m'manja.

"Mkazi wanga, wathawa ndani? Taona fumbilo, ngati wagwera m'chigayo."

"Envulopu ili kuti, chitsiru iwe?"

"Ili m'thumba mwa kondakitala. Si mmene umandituma?"

Ndinaponya njinga pansi, ndinakankha anthu, n'kumugwira malaya kondakitalayo phazi lina litakwera kale. Poyamba anakana, ati katundu akalandira sabweza. Ndinamuuza kuti zolemba zili paenvulopupo ndi za dzanja langa, ndipo akapanda kundipatsa ndikwera naye mpaka ku Blantyre ndikumulalatira njira yonse. Dalaivala analiza hutala. Kondakitala anaisolola n'kundiponyera, akupukusa mutu, basi n'kunyamuka.

Ndinakaiika ndekha pambaula ya msuweni, titachotsapo ketulo, ndipo ndinaiyang'ana mpaka inapsa yonse. Ndiye chimwemwe chake! Ndinaseka, ndinavinako pang'ono, ndinafotokozera aliyense anali m'kanyumbamo mmene ndinawolokera mtsinje njinga ili paphewa. Ndinamwa makapu awiri a tiyi ndi sikono. Ndinkadzimva ngati ndapulumutsa dziko lonse.

Msuweni anandisiya ndimalize tiyi, kenaka anakhala pambali panga, nthabwala zitamuthera.

"Koma nkhani yakoyo pano aliyense akuidziwa kale," anatero. "Wa ndowa uja dzulo wauza siteji yonse kuti mfuti zilipo zisanu, ndipo si mphekesera chifukwa aphunzitsi alemba. Anyamata a makadi anali pompano akumva. Uthenga atumiza kale kwa anzawo a ku Mitundu."

Pepala ndinali nditawotcha, koma pakamwa panga panali patafalitsa kale nkhaniyo popanda basi, popanda mkonzi. Ndinabwerera ndikukankha njinga m'zitunda, miyendo itauma, ndipo pa Mitundu ndinafika kutada. Ndinawauza ahedi zonse. Sanandikalipire, ngakhale ndinkafuna atatero. Anangoti njingayo ndigone nayo, kalasi langa aliyang'anira okha.

Lolemba ndinalawira, koma ena anali atandilawirira. Ndinapeza mpanda uja utagwetsedwa. Anthu a mudzi wonse anaima chapatali, ndipo anyamata anayi, aja oyang'ana makadi pamsika, anali atawamanga manja alendo awiriwo n'kuwakhazika m'utuchi. Sowo inali poyera, aliyense akuiona. Mkazi wa wamkulu uja anaima pambali ndi ana ake, osalira, atangogwira pakamwa.

"Ndi sowo iyo, simukuiona?" ndinatero ndisanatsike n'komwe panjinga. "Nkhaniyo ndinalemba ndine, ndipo ndinanama. Sindinaone kanthu, ndinangomva pamsika."

Kunena mawu amenewo pamaso pa makolo a ana a m'kalasi mwanga kunandiwawa kwambiri, ndipo ndinkayembekeza kuti basi, zatha. Mtsogoleri wa anyamatawo ndinamuphunzitsapo, ndinamukwapulaponso chifukwa cha masamu. Anandiyankha mwaulemu, koma osasuntha.

"Sowo taiona, aphunzitsi. Koma wocheka matabwa sabisala. Tawafunsa kuti matabwawa ndi a chiyani, akukana kunena. Munthu wokana kuyankha ndiye kuti pali china chimene wakwirira. Akayankha kutsogolo."

Ndinayang'ana bambo uja. Liwu limodzi lokha likanamumasula, ndipo iye ankadziwa. Anayang'ana agogo aja, anayang'ana mwana wawo wamkazi amene anaima m'gulumo, kenaka anayang'ana pansi. Ndinapsa mtima ndi kuuma khosi kwakeko. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule ndekha, koma agogo anandigunda mwendo ndi ndodo.

Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamatabwa paja. Anagwetsa limodzi pansi, anaika ndodo pambali, anavula chipewa, n'kugona chagada pathabwalo, manja atawongola m'mbali. Thabwalo linawakwana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kutsalako pang'ono. Amayi ena anatembenukira kumbali.

"Mwaona?" anatero ali chigonere. "Ndi langa. Ndawatuma ndine, ndi nzeru zanga, mwana wanga sakudziwa kanthu. Wofuna kunena za malodza anene ine. Amasuleni alendo angawa, sanamalize chivundikiro."

Mwana wawo uja anatuluka m'gulu akulira n'kugwada kuti awadzutse. Anyamata aja anayang'anizana. Palibe amene anafunanso kuima pafupi ndi thabwa limenelo. Anamasula zingwe mofulumira n'kunyamuka, anthu nawo anabalalika awiriawiri akunong'onezana. Ndinadziwa kuti mayi ameneyo adzamva zonena za anthu kwa nthawi yaitali, pachitsime ndi pamaliro, zomwezo zimene bambo ake anamanga mpanda kuti asazimve. Amene anagwetsa mpandawo kwenikweni ndinali ine.

Bambo uja anatikita m'mikono mmene munadutsa chingwe, anatola sowo, anaipukuta ndi malaya ake, n'kumayang'ana mano ake limodzilimodzi. Ndinapita kukagwada patsogolo pake n'kupepesa. Ndinalankhula zambiri, za njinga, za basi, za mbaula, ndipo ndikuvomera kuti pansi pa mtima ndinkafuna andiyamikire. Anandimvetsera mpaka mawu anandithera.

"Mayi aphunzitsi, m'kalata mwanumo munalemba dzina langa?"

"Ayi, bambo, sindinalembe."

"Chifukwa chiyani?"

"Sindilidziwa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye mumati anyamule munthu amene simukumudziwa ndi dzina lomwe."

Anatchula dzina lake n'kundiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Anatchula la mkazi wake, la mng'ono wake, a ana atatu aja, ndi la mudzi umene anausiya ukuyaka, akudikira kuti nditchule lina asanapite pa lina. La mwana wamng'ono ndinalakwitsa, ndipo anandibwerezetsa mpaka ndinalikhoza. Atatha anauza mng'ono wake kuti atsike m'dzenje, iye n'kukwera pachipika, ndipo anayamba kucheka ine ndikadali chigwadire m'utuchi.